Mmene masikimu a zachipatala amalipirira madokotala a mano, ndi zimene malamulo angakonze

Nkhotakota, Mana: Ogwira ntchito amene amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi kuti akhale pa sikimu ya zachipatala nthawi zina amadabwa akafika kwa dokotala wa mano n'kuuzidwa kuti ayambe apereka ndalama, kapena kuti awonjezere ina pamwamba pa imene sikimu idzalipire. Ena amaloza chala dokotala kuti ndi wadyera, ena amati sikimu ikuwabera. Koma gwero la nkhaniyi lili pamalo amene membala sawaona, mu mgwirizano wa pakati pa sikimu ndi chipatala, umene umanena kuti ntchito iliyonse idzalipiridwa ndalama zingati, pakapita masiku angati, ndiponso kudzera m'njira iti.

Anthu amene ali pa masikimu ndi ochepa m'dziko muno. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amene adali ndi inshulansi ya zaumoyo sadapitirire awiri. Bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Medical Aid Society of Malawi, MASM, limene lidayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake padabwera ena monga MedHealth. M'boma la Nkhotakota, mmene kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 390,000, okhala ndi makhadi otere amapezeka makamaka paboma penipeni, m'mabanki, m'mabungwe omwe si aboma, ndi ku Dwangwa kumene kuli munda ndi fakitale ya shuga ya Illovo komanso fakitale ya ethanol.

Msodzi wa ku Chia kapena mlimi wa mpunga wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua angaone ngati nkhaniyi siyake. Komatu chipatala cholipira chimene chimadalira ndalama za masikimu kuti chigule zipangizo ndi chomwecho chimene iyenso amapitako ndi ndalama yake ya usipa. Chipatalacho chikatsekedwa, kapena chikasiya kulandira makhadi, onse amakakumana pa mzere umodzi pachipatala chachikulu cha boma cha Nkhotakota, kumene chithandizo ndi chaulere koma manja ndi ochepa.

Kuchepa kwa manja kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa nkhani ya mano ndi matenda ena. Pamene sukulu ya College of Medicine inkayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland pansi pa ntchito yotchedwa MalDent, dziko lonse la Malawi lidali ndi madokotala a mano osafika 50, ndipo ambiri mwa iwo adali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zipatala za m'maboma zimadalira ma dental therapist, amene amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Ntchito zikuluzikulu zimatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central. Kuchokera paboma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo wochokera ku Dwangwa amawonjezerapo makilomita ena oposa 50. Wa mumzinda akakanidwa khadi pachipatala china amangowoloka msewu n'kukagogoda pena. Wa kunyanja alibe mwayi umenewo, ndipo m'nyengo ya mvula msewu wa M5 womwewo umatha kuduka, monga zidachitikira ku Dwangwa madzi atasefukira kumayambiriro kwa 2024.

Ulendo wa ndalama

Wodwala akathandizidwa, chipatala chimalemba chikalata choitanitsira malipiro, chimene a m'zipatala amangochitchula kuti claim. Pachikalatapo pamalembedwa nambala ya membala, tsiku, ntchito imene yagwiridwa, dzino limene lagwiridwa ndi mtengo wake. Sikimu imaona ngati membalayo zopereka zake zili bwino, ngati ntchitoyo ili m'gulu la zimene amaloledwa, ndiponso ngati ndalama zimene adapatsidwa za mano pachaka sizidathe. Ntchito zodula, monga kuchotsa mtsempha wa dzino kuti lisazulidwe kapena kupanga mano oikirira, kawirikawiri zimafuna chilolezo cha sikimu zisanayambike. Zonse zikayenda bwino, sikimu imalipira. Koma simalipira mtengo wa dokotala. Imalipira mtengo wa pa mndandanda wake, umene umatchedwa tariff. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndiko kumene mamembala amakudziwa ndi dzina lakuti shortfall, ndalama yotuluka m'thumba mwawo.

Pamenepa m'pofunika kumvetsa mmene chipatala cha mano chimayendera. Pafupifupi chilichonse chimene dokotala amaika m'kamwa mwa munthu chimachokera kunja: jakisoni wochititsa dzanzi, mankhwala omatira dzino, magolovesi, timipeni tobowolera, zipangizo zojambulira. Mpando wa mano wokha umafuna magetsi ndi mpweya wopopa, ndipo magetsi akazima umafuna jenereta ndi dizilo. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, wodwala asanabwere n'komwe. Tsono dokotala amene walandira khadi amakhala kuti wakongoza sikimu, ngongole yopanda chiwongoladzanja.

Ngongole yotere imapweteka kwambiri ndalama ya kwacha ikamachepa mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze chipatala chimene chidagwira ntchito ya K118,000 mu Okutobala chaka chimenecho. Pa tsiku la ntchitoyo ndalamayo ikadagula zipangizo za madola 100. Ngati malipiro adafika mu Januwale, ndalama yomweyo idangokwana madola 69. Pa pepala sikimu idalipira zonse, palibe tambala imene idasowa. Koma m'kabati ya chipatala mudalowa zipangizo zochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwini chipatala amene zamuchitikira zotere kawiri safuna kuuzidwa chochita: amakweza shortfall, kapena amapachika chikwangwani chakuti makhadi ayamba aimitsidwa.

Pali china chimene chimachitika mwakachetechete, ndipo n'chimene chiyenera kudetsa nkhawa akuluakulu a zaumoyo kuposa zikwangwanizo. Kalipiridwe kamasankha chithandizo. Kuzula dzino kumatenga nthawi yochepa, kumafuna zipangizo zochepa, ndipo claim yake siyivuta. Kumata dzino kumafuna mankhwala odula, pamene kuchotsa mtsempha kumafuna maulendo awiri kapena atatu, zithunzi, ndi chilolezo chimene chingachedwe wodwala ali mkati mogona ndi dzanja patsaya. Ngati tariff ya ntchito zopulumutsa dzino idatsalira m'mbuyo, ndipo malipiro ake ndi okayikitsa, dokotala ndi wodwala yemwe amapezeka atagwirizana pa njira yachidule. Dzino limene likadatha kutumikira mwini wake zaka zina makumi awiri limathera m'mbale. Ku Malawi kuno anthu ambiri amafika kale kuchipatala mochedwa, dzino litabowoka kwambiri, moti mawu akuti "kupita kwa a mano" ambiri amangowamva ngati "kukazulitsa". Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa mu Epulo 2022 pofuna kuti kupewa matenda kukhale patsogolo. Kalipiridwe kokondera kuzula kamakokera ndondomeko imeneyo m'mbuyo.

Masikimu nawo ali ndi mbali yawo, ndipo siyopepuka. Ndalama zimene amasunga ndi za mamembala onse, ndipo chinyengo chilipo: khadi limodzi kuthandiza mudzi wonse, ntchito yaing'ono kulembedwa ngati yaikulu, claim ya munthu amene sadafike n'komwe pachipatala. Sikimu yolipira chilichonse osafunsa ingathe m'miyezi yochepa, ndipo olira angakhale mamembala omwewo. Komabe pa nkhani ya mano, kufufuza n'kosavuta kusiyana ndi matenda ambiri. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo lililonse lili ndi nambala yake malinga ndi njira ya manambala awiri imene madokotala amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Nambala yoyamba imanena chigawo cha kamwa, yachiwiri malo a dzino. Dzino 36, mwachitsanzo, ndi dzino lalikulu lotafunira loyamba la m'munsi kumanzere. Dzino 36 silingazulidwe kawiri, ndipo silingamatidwe chaka chino ngati lidazulidwa chaka chatha. Kompyuta imagwira bodza lotere m'kamphindi. N'chifukwa chake kukayikira claim imodzi sikungakhale chifukwa chomveka chosungira malipiro a ma claim ena 50 amene alibe vuto.

Zimene malamulo amanena

Ku Malawi mphamvu zoyang'anira nkhaniyi zili m'manja angapo. Lamulo la Financial Services Act la 2010 lidapatsa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi udindo wa Registrar of Financial Institutions, ndipo masikimu a zachipatala ali m'gulu la mabungwe a zachuma amene lamulolo limawatchula, pamodzi ndi mabanki, makampani a inshulansi ndi a penshoni. Ntchito yaikulu ya ofesi imeneyi ndi kuona kuti bungwe losunga ndalama za anthu lili ndi chuma chokwanira ndipo likuchita chilungamo kwa amene likuwatumikira. Dokotala ndi chipatala chake amayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987. Pa nkhani za mitengo ndi malonda osalungama pali Competition and Fair Trading Commission, imene lamulo lake loyamba la 1998 lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Pakati pa maofesi atatuwa pali mgwirizano uja wa sikimu ndi chipatala, ndipo pokambirana mgwirizano wotere, chipatala chaching'ono cha mpando umodzi kunyanja sichikhala ndi liwu lofanana ndi la chipatala chachikulu cha mumzinda.

Maiko oyandikana nafe adayesa kuika zina mwa mfundozi m'malamulo enieni kuti zisamadalire mphamvu za wokambirana. Ku South Africa, gawo 59 la lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limalamula sikimu kulipira pasanathe masiku 30 chilandirire claim. Malamulo ang'onoang'ono otsatira pamenepo amati ngati claim ili ndi cholakwika, sikimu iyenera kudziwitsa membala ndi dokotala pasanathe masiku 30, kutchula chifukwa chake, ndi kuwapatsa masiku 60 kuti akonze. Mfundo yotchula chifukwayi ndi yofunika ngati ya masikuyo. Claim yobwezedwa popanda chifukwa imasanduka ulendo wa basi, foni zosayankhidwa, ndipo pamapeto pake bilu imene imagwera wodwala patapita miyezi iye ataiwala kale za dzinolo.

Koma lamulo lomwelo lidaonetsanso kuti mphamvu ikaperekedwa popanda malire imabala milandu ina. Gawo 59 limalolanso sikimu kudzibwezera ndalama zimene ikuti idalipira molakwika, podula pa malipiro a mtsogolo a dokotala. Madokotala akuda ndi amwenye adadandaula kuti mphamvu imeneyi ikugwiritsidwa ntchito mokondera, ndipo mu 2019 bungwe loyang'anira masikimu la Council for Medical Schemes lidakhazikitsa gulu lofufuza lotsogozedwa ndi loya Tembeka Ngcukaitobi. Lipoti loyamba la gululo, la mu Januwale 2021, lidapeza kuti madokotala akuda ankapezeka olakwa pa milandu ya chinyengo kawirikawiri kuposa anzawo, ndiponso kuti njira zofufuzira zidali zosalungama. Masikimu okhudzidwa adatsutsa zimenezi. Phunziro kwa opanga malamulo ndi lakuti kudula ndalama za dokotala kuyenera kukhala ndi nthawi yake yothera, umboni woonetsedwa kwa mwini wake, ndi malo okadandaula kwa munthu amene sali mbali ya sikimuyo.

Za mitengo nazo zidavuta kumeneko. Mu 2004 bungwe loona za mpikisano pa malonda lidaletsa madokotala, zipatala ndi masikimu kukambirana mitengo ngati magulu, ponena kuti kutero ndi kupangana mitengo. Mndandanda wa mitengo umene boma lidayesa kuika m'malo mwake udathetsedwa ndi khoti mu 2010. Kuyambira pamenepo sikimu iliyonse idayamba kuyendera mtengo wake, dokotala aliyensenso wake, ndipo mpata wa pakati udagwera odwala. Aliyense amene angafune kukonza za tariff ku Malawi ayenera kuyamba wayankha funso limene lidawavuta anzathuwa: kodi mitengo ikambidwe ndi yani, pamaso pa yani, ndipo iunikidwenso liti kwacha ikagwa?

Ku Zimbabwe malamulo a 2000 oyendetsera masikimu adaika masiku 60. Izi sizidaletse ngongole kuunjikana, moti mu 2016 bungwe la madokotala la Zimbabwe Medical Association lidalengeza kuti mamembala ake asiya kulandira makhadi ndipo odwala azilipira okha n'kukaitanitsa ndalama zawo ku masikimu. Limodzi mwa madandaulo awo lidali lakuti ankafunsidwa msonkho pa ndalama zimene adali asadalandire. Masiku olembedwa m'lamulo popanda chilango kwa wochedwa, kapena popanda woyang'anira wofunsa malipoti a ngongole mwezi ndi mwezi, amangokhala manambala.

Ku United States, kumene inshulansi ya mano imagulitsidwa payokha, mkangano udafika mpaka pa njira yotumizira ndalama. Makampani ena ankalipira madokotala kudzera pa makhadi a ngongole a pa intaneti, ndipo dokotala ankadulidwa kandalama nthawi iliyonse akamatapa malipiro akewo. Zigawo zambiri za dzikolo zidakhazikitsa malamulo oletsa kampani kukakamiza dokotala njira imodzi yokhayo. Ndipo mu 2022 anthu a m'chigawo cha Massachusetts adavota kuti makampani a inshulansi ya mano azigwiritsa ntchito 83 peresenti ya zopereka za mamembala pa chithandizo chenicheni. Makhadi oterowo si nkhani ya kunyanja kuno, koma funso lake ndi lathu lomwe: ndalama ikatumizidwa pa cheke, pa banki kapena pa foni, wolipira mtengo wotumizira ndi yani? Ndiponso kodi malipiro amafika ndi chikalata chosonyeza kuti ndalamayi ndi ya odwala ati? Chipatala chimene chalandira ndalama yamtolo popanda chikalata chotere sichingadziwe claim imene yalipiridwa ndi imene yakanidwa.

Mbali ya olemba ntchito

Akuluakulu a m'boma sali alendo pa vuto la kulipira chipatala ntchito itagwiridwa kale. Kuyambira 2006 boma lakhala likusainirana migwirizano ndi zipatala za mishoni za pansi pa Christian Health Association of Malawi, CHAM, kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa mwaulere m'madera amene chipatala cha boma chili kutali, boma n'kumabweza ndalamazo. Chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican paboma la Nkhotakota ndi chimodzi mwa zipatala za CHAM. Amene adagwirapo ntchito ku ofesi ya zaumoyo ya boma lililonse akudziwa mikangano imene migwirizano yotere yakumana nayo m'dziko muno: mitengo yotsalira m'mbuyo, ma invoice otenga nthawi kutsimikizidwa, ndi malipiro ochedwa amene nthawi zina adachititsa zipatala kuimitsa chithandizo chaulerecho. Matenda ake ndi amodzimodzi ndi a masikimu, kusiyana kwake ndi wolipira basi.

Ndipo unyolo wa kuchedwa nthawi zambiri suyambira ku sikimu. Umayambira ku ofesi ya malipiro ya wolemba ntchito. Ndalama ikadulidwa pa malipiro a wantchito pa 25 koma n'kutumizidwa ku sikimu patapita miyezi iwiri, sikimu imakhala ndi njira ziwiri zokha: kuimitsa makhadi a antchitowo, kapena kuchedwetsa zipatala. Reserve Bank yakhala ikudandaula za khalidwe lomweli pa nkhani ya penshoni, kumene olemba ntchito ena amadula ndalama koma osazitumiza. Lamulo lokakamiza sikimu kulipira m'masiku 30, popanda kukakamizanso wolemba ntchito kutumiza zopereka m'nthawi yake, lingakhale lomanga mwendo umodzi.

Tsono mkulu wa ofesi, wa khonsolo kapena wa kampani ya boma amene akusankhira antchito ake sikimu sayenera kungoyang'ana kuchepa kwa zopereka ndi kukongola kwa kabuku. Ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi zipatala ziti za mano pakati pa Salima ndi Nkhata Bay zimene zikulandira khadilo lero lino, osati zimene zidalembedwa pa mndandanda zaka zitatu zapitazo. Angafunsenso kuti sikimuyo imatenga masiku angati kulipira claim yopanda vuto, kuti tariff ya mano idasinthidwa liti komaliza, ndiponso kuti chilolezo cha ntchito yodula chimatuluka m'maola angati. Chofunikanso kwambiri ndi chakuti chilolezo chikaperekedwa chikhale lonjezo la malipiro, osati sikimu kudzatembenuka ntchito itatha. Mayankho a mafunsowa akhoza kulembedwa mu mgwirizano wa wolemba ntchito ndi sikimu ngakhale Nyumba ya Malamulo isanakhudze chilichonse, pakuti wobweretsa mamembala mazana angapo amamvedwa kuposa dokotala mmodzi.

Nkhaniyi ikukhudzanso tsogolo la ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene idapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Dokotala wa mano wachinyamata amene angaganize zodzatsegula chipatala ku Dwangwa kapena paboma adzawerengera mtengo wa mpando, lendi, jenereta ndi malipiro a wothandizira. Odwala olipira okha m'dera la asodzi ndi alimi amabwera malinga ndi nyengo, mpunga ukagulidwa kapena nsomba zikagwidwa bwino. Ndalama yodalirika ya mwezi ndi mwezi ingachokere kwa a makhadi. Ngati banki imene yamukongoza ikufuna zake pa 30 mwezi uliwonse pamene sikimu imalipira pa tsiku losadziwika, masamu ake adzamubwezera ku Lilongwe.

Pakadali pano membala amene wauzidwa kuti alipire shortfall ali ndi ufulu wopempha kuti amulembere mtengo wonse, gawo la sikimu ndi gawo lake, ntchito isanayambe, ndipo asunge lisiti. Ngati sikimu yakana claim, apemphe chifukwa chake cholembedwa. Dandaulo lokhudza sikimu limayamba ku sikimuyo, ndipo likapanda kuyankhidwa lipite ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Lokhudza ntchito ya dokotala, monga kulembera ntchito imene sidagwiridwe, lipite ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe.